Mpikisano wa maiko amphamvu wafika m'foni za ku Chaisa: ndani asunga kiyi?

Pa 17 April 2025 ofesi ya kazembe wa United States muno mu Lusaka inatumiza cenjezo kwa nzika zake zokhala m'Zambia ndi zofuna kubwera kuno. Cenjezolo linali lokhudza lamulo latsopano lochedwa Cyber Security Act, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina pa 8 April pamodzi ndi linzake, Cyber Crimes Act. Ofesiyo inati lamuloli litsegula njira yakuti mafoni a anthu azimvetseredwa, ndi kuti mauthenga awo aziwerengedwa. Unduna woona za ubale ndi maiko ena unayankha msanga kuti lamulo silinapangidwe kuti lilowerere zinsinsi za munthu, ndi kuti pafunika cilolezo ca khoti foni ya munthu isanamvetseredwe.

Ambiri a ife kuno ku Chaisa tinaimva nkhaniyi pa wailesi, tinati ndi mkangano wa akuluakulu a kumayadi, ndipo tinapitiriza nchito zathu. Koma foni imene ikukambidwa ndi yomweyo imene mayi wogulitsa tomato amalandirirapo ndalama, imene timalengezerapo maliro pa gulu la WhatsApp la cigawo cathu, ndi imene munthu amaimbirapo abusa usiku kuwauza za m'banja zimene sangauze wina aliyense. Cifukwa cake tiyenera kumvetsa kumene lamulo lotere licokera, zimene anthu ophunzira apeza atafufuza nkhani izi, ndi zimene ife eni mafoni tingafunse.

Zimene akulu a kuno akumbukira

Amene anakhala mu Lusaka m'zaka za m'ma 1970 adziwa bwino kuvutika kwa dziko laling'ono pamene amphamvu akangana. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza kuti ndi lodziimira palokha, ndipo njira ya kum'mwera, imene mkuwa wathu unali kutulukira, inakhala m'manja mwa otidana nafe. Maiko a Azungu ndi World Bank sanafune kupereka ndalama zomangira njanji yopita ku Dar es Salaam. China inavomera, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975. Mu September 1970 a Kenneth Kaunda analandira pa Mulungushi msonkhano waukulu wa maiko amene anakana kulowa mbali ya America kapena ya Soviet Union. Pa 19 October 1978 ndege za nkhondo za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu April 1979 asilikali a Rhodesia analowa mumzinda uno ndi kuphwanya nyumba imene a Joshua Nkomo anali kukhalamo.

Masiku amenewo citetezo ca dziko cinali nkhani ya malire, ndege, milatho ndi njanji. Mkangano wa njira za mkuwa ulipo mpaka lero. United States ndi European Union akucirikiza njanji ya ku Lobito, yodutsa mu Angola kupita ku nyanja ya Atlantic, ndipo mu December 2024 Pulezidenti Joe Biden anakumana ndi a Hichilema ndi atsogoleri ena kumeneko. China nayo ikukonzanso TAZARA: mu September 2025 kampani yake ya CCECC inasaina pangano la ndalama pafupifupi madola 1.4 biliyoni. Onse awiri akufuna mkuwa ndi kobalti wa m'Zambia ndi wa ku Congo, zimene zimalowa m'mabatire ndi m'magalimoto oyendera magetsi. Pa ngongole napo tili pakati pawo. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira, ndipo pa madola 6.3 biliyoni amene maiko otikongoza anavomera mu June 2023 kusintha kalipiridwe kake, oposa 4 biliyoni anali a China.

Njanji ndi ngongole zimaoneka ndi maso ndipo zimakambidwa ku Nyumba ya Malamulo. Pali njira yacitatu imene amphamvu akulimbirana, yosaoneka kwenikweni, imene mau athu ndi ndalama zathu zimayendamo tsiku lililonse.

Foni imodzi, maiko ambiri

Tengani foni imene ili m'thumba lanu. Ngati ndi Tecno kapena itel, inapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ku China. Pulogalamu imene imayendetsa mafoni ambiri a intaneti, Android, ndi ya Google ya ku America. WhatsApp ndi Facebook ndi za kampani ya Meta, nayonso ya ku America. Airtel eni ake ali ku India, MTN ku South Africa, ndipo Zamtel ndi ya Boma lathu. Makina ambiri a pa nsanja za netiweki ndi a makampani a ku China, Huawei ndi ZTE. Pamene MTN inayambitsa 5G mu November 2022, inagwira nchitoyo ndi Huawei. Popeza Zambia ilibe nyanja, intaneti yathu imafika pa zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nafe kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja. Kuyambira mu October 2023 palinso Starlink, ya kampani ya Elon Musk, imene imatumiza intaneti kucokera m'mwamba.

Za Boma nazo n'cimodzimodzi. Nyumba ya makompyuta yosungiramo zolembedwa za Boma, National Data Centre, inamangidwa ndi Huawei pa ngongole ya ku China. Makamera amene mumaona pa mphambano za misewu ya mu Lusaka ndi a nchito yochedwa Safe City, ya madola 210 miliyoni, imene inapatsidwa kwa ZTE. Motero uthenga umodzi wocoka ku Chaisa kupita ku Matero umadutsa m'zinthu za eni ake ambiri, ndipo oculuka mwa iwo sali m'Zambia.

Zimene ofufuza apeza

Mu 2019 aphunzitsi awiri a m'mayunivesite a ku Washington, Henry Farrell ndi Abraham Newman, analemba nkhani m'magazini ya International Security imene yasintha kaganizidwe ka ambiri pa nkhani izi. Kale anthu anali kunena kuti maiko akamadalirana pa malonda ndi pa intaneti, nkhondo imacepa. Awiriwa anaonetsa mbali ina: njira za ndalama ndi za mauthenga sizinafalikire mofanana, zimakumana pa malo ocepa, ndipo amene ali pa malo okumanirapowo amapeza mphamvu ziwiri. Amaona zonse zodutsa, ndipo angathe kutseka njira.

Ife a m'komboni sitifunika digiri kuti timvetse zimenezi. Wogulitsa madzi pa kiyosiki adziwa amene watunga lero, zigubu zingati, ndi nyumba imene mwabwera alendo. Tsiku limene wakhoma mpope, mzere wonse umabwerera ndi zigubu zopanda kanthu. Pa dziko lonse zacitikapo zotere. Mu 2012 mabanki a ku Iran anacotsedwa pa njira yotumizira ndalama yochedwa SWIFT, ndipo mu 2022 mabanki ena a ku Russia anacotsedwanso. Mu May 2019 boma la America linaletsa makampani ake kugulitsa zinthu zina kwa Huawei, ndipo mafoni atsopano a Huawei anasowa mapulogalamu a Google. Ndiye cifukwa cake America ndi China amalimbirana kuti ndani amange netiweki m'maiko onga lathu. Aliyense afuna kukhala mwini kiyosiki.

Ofufuza ena ayang'ana Zambia yeniyeni. Mu December 2020 gulu la Citizen Lab la pa University of Toronto, ku Canada, linatulutsa lipoti lokhudza kampani yochedwa Circles, yogwirizana ndi NSO Group ya ku Israel. Makina a Circles amagwiritsa nchito malo ofooka pa njira imene makampani a mafoni amalumikizirana, kotero kuti munthu wodziwa nambala yanu cabe angapeze kumene muli, ndi kumva mafoni anu kapena kuwerenga ma SMS. Lipotilo linachula maiko 25 amene maboma ake akuoneka kuti anagula makinawa. Asanu ndi awiri anali a mu Africa, ndipo Zambia inali pakati pawo, pamodzi ndi Botswana, Zimbabwe, Kenya, Nigeria, Morocco ndi Equatorial Guinea.

Mu 2023 bungwe la Institute of Development Studies la ku Britain, pamodzi ndi African Digital Rights Network, linafufuza za makina olondalonda anthu m'maiko asanu: Nigeria, Ghana, Morocco, Malawi ndi Zambia. Linapeza kuti ogulitsa makinawa ndi makampani a mbali zonse, a ku China, a ku Israel, a ku America ndi a ku Ulaya. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife, cifukwa pa wailesi timamva kawirikawiri ngati kuti kulondalonda anthu ndi khalidwe la dziko limodzi cabe.

Zoona zake n'zakuti mbali zonse zanenezedwapo. Mu August 2019 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti anchito a Huawei anathandiza akuluakulu ena a boma m'Zambia kupeza anthu olemba nkhani zotsutsa boma pa Facebook. Huawei ndi boma la nthawiyo anakana. Mu January 2018 nyuzipepala ya Le Monde ya ku France inalemba kuti makompyuta a ku likulu la African Union ku Addis Ababa, limene China inamanga, anali kutumiza zolembedwa ku Shanghai usiku, China inakana. Ndipo mu 2013 Edward Snowden anaulula zikalata zoonetsa kuti bungwe la NSA la ku America linali kusonkhanitsa mauthenga ndi zolembedwa za mafoni za anthu miyandamiyanda, kuphatikizapo za atsogoleri a maiko amene ndi mabwenzi ake.

Mbala zilipodi

Tisanaloze Boma cala, tiyenera kuvomereza kuti zimene limanena za mbala za pa intaneti n'zoona. Pa 9 May 2022 gulu la zigawenga lochedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia ndi kusokoneza nchito zina, likufuna dipo. Banki inakana kulipira. Gulu la Hive linaphwanyidwa mu January 2023 ndi apolisi a ku America, Germany ndi Netherlands, zimene zionetsa kuti pa milandu yotere dziko laling'ono silingagwire mbala lokha.

Nkhani ina inacitikira pafupi ndithu. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission, pamodzi ndi apolisi ndi mabungwe ena, anazinga kampani yochedwa Golden Top Support Services ku Roma, m'dera lathu lomwelino la Mandevu. Anagwira anthu 77 ndi kupeza ma SIM kadi oposa 13,000. Anchito ambiri anali acinyamata a ku Zambia a zaka za pakati pa 20 ndi 25, amene analembedwa ngati anchito oyankha mafoni. Anali kupatsidwa mau olembedwa kale oti aziceza nawo ndi anthu pa WhatsApp ndi pa Telegram, ndipo obedwa anali a ku Singapore, Peru, United Arab Emirates ndi maiko ena a mu Africa. Mu June 2024 khoti mu Lusaka linagamula anthu 22 a ku China kuti akakhale kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Caka cotsatira, mu August 2025, Interpol inalengeza kuti apolisi a m'Zambia anaphwanya gulu lina limene linali kunyenga anthu kuti aike ndalama pa intaneti kuti zibale. Obedwa anali pafupifupi 65,000, ndipo ndalama zotayika zinayerekezedwa kukhala madola 300 miliyoni.

Acinyamata a ku Roma aja anali ana a makolo onga ife, amene anamaliza Giredi 12 ndi kukhala zaka akufuna nchito. Kholo limene mwana wake wabwera ndi uthenga wakuti wapeza nchito ya mu ofesi, ya pa kompyuta, silifunsa mafunso ambiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wakuti ndalama zija titumize pa nambala ina, kapena foni ya munthu wodzicha wa ku kampani ya netiweki amene afuna PIN? Dziko lifunikadi malamulo ndi anthu odziwa kugwira mbala zotere. Munthu amene wabedwa ndalama za lendi pa mobile money sangatsutse zimenezo.

Mlonda nayenso afunika womuyang'anira

Vuto n'lakuti makina ogwirira mbala ndi omwewo amene angamvetsere mtolankhani, wa cipani cotsutsa, mtsogoleri wa anchito kapena mbusa amene walankhula za mtengo wa unga. Makina sasankha munthu. Amasankha ndi amene wagwira kiyi.

Tinaonapo kale kiyi ameneyu akugwiritsidwa nchito. Pa 12 August 2021, tsiku la cisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kugwira nchito kwa anthu ambiri m'Zambia. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangira ku High Court, ndipo khoti linalamula ZICTA kuti njirazo zitsegulidwe. Kiyosiki inakhomedwa tsiku limenelo, ndipo amene anaitsegula ndi woweruza wa ku Zambia. Palibe kazembe wa dziko lamphamvu amene akanacita zimenezo m'malo mwake.

Mbiri ya malamulowa nayo ili ndi phunziro. Lamulo lakale, Cyber Security and Cyber Crimes Act, linasainidwa ndi Pulezidenti Edgar Lungu mu March 2021, ndipo a Hichilema, amene panthawiyo anali kutsogolera cipani cotsutsa, analidzudzula kuti colinga cake ndi kulondalonda nzika ndi kuzitseka pakamwa. Patapita zaka zinayi boma lawo linacotsa lamulo lija ndi kuika awiri atsopano, ndipo amene anali m'boma mu 2021 ndiwo tsopano akudandaula ndi mau ofanana. Izi sizionetsa kuti cipani ici n'coipa kuposa cija. Zionetsa kuti aliyense amaopa makinawa akakhala kunja, ndipo amawakonda akalowa m'kati. Cifukwa cake lamulo lotere tiyenera kuliyesa poganizira tsiku limene lidzakhala m'manja mwa munthu amene sitimukhulupirira.

Kodi malamulo a 2025 anena ciani? Akhazikitsa bungwe la Zambia Cyber Security Agency pansi pa ofesi ya Pulezidenti. Alamula makampani a mafoni ndi a intaneti kukhala ndi makina otheketsa kumvetsera mauthenga. Pa milandu wamba, wapolisi ayenera kupempha cilolezo kwa woweruza, ndipo apa Boma linena zoona. Koma pempholo limamvedwa mwini foni kulibe ndipo sadziwa, komanso pali mpata wakuti pa zinthu zamwadzidzidzi, monga pamene moyo wa munthu uli pangozi, kumvetsera kuyambe cilolezo cisanatuluke. Bungwe la maloya, Law Association of Zambia, ndi mabungwe ena omenyera ufulu anadandaula kuti bungwe lokhala pansi pa ofesi ya Pulezidenti silingakhale loima palokha, ndi kuti mau ena a m'malamulowa ndi otambalala kwambiri, kotero kuti munthu wodzudzula mtsogoleri angaimbidwe mlandu wa kunyoza pa intaneti. LAZ inapita ndi nkhaniyi ku khoti caka comweco.

Kodi tisankhe mbali?

Ena amati vuto lonse ndi makina a ku China, ticotse Huawei ndi ZTE. Ena amati vuto ndi America, ndipo amakumbutsa za April 2022, pamene AFRICOM, nthambi ya asilikali a United States yoona za Africa, inalengeza kuti itsegula ofesi ya mgwirizano wa citetezo m'kati mwa ofesi ya kazembe muno mu Lusaka. Otsutsa anati ndi ciyambi ca msasa wa asilikali acilendo. Boma ndi ofesi ya kazembe anati ndi ofesi cabe. Caka cotsatira, mu March 2023, waciwiri kwa Pulezidenti wa America, Kamala Harris, anafika ku Lusaka, ndipo mu September a Hichilema anapita ku China, kumene anayendera likulu la Huawei ku Shenzhen. Zambia ikuyenda ndi onse awiri, monga inacitira m'masiku a Kaunda.

Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pali amene amaopa kuti kuyenda ndi onse awiri kudzatisiya pamvula. Manthawo ali ndi maziko. Koma zimene ofufuza apeza zionetsa kuti kusintha wogulitsa sikucotsa vuto. Kamera yocokera ku Shenzhen ndi kamera yocokera ku California zimajambula nkhope mofanana, ndipo amene amayang'ana zithunzizo tsiku ndi tsiku ndi munthu wa ku Zambia wolamulidwa ndi mkulu wake wa ku Zambia. Ndiponso dziko lathu silipanga makina a netiweki, ndipo lili ndi ngongole kwa ena ndi thandizo locokera kwa ena. Kusankha mbali imodzi kungatanthauze kupereka kiyi yense kwa mwini kiyosiki mmodzi.

Amene amavumbwa pakati pa mapanga awiri ndi munthu wopanda denga lake. Denga la dziko laling'ono pa nkhani izi ndi zinthu za kwathu konkuno: oweruza amene angakane pempho lopanda maziko, aphungu amene amawerenga mapangano asanavomereze ngongole, akatswiri athu ocokera ku UNZA ndi ku Copperbelt University amene angatsegule makina ogulidwa kunja ndi kuona zimene amatumiza, ndi nzika zosaopa kufunsa. Zimenezi palibe dziko lamphamvu limene lingatigulitse kapena kutikongoza.

Mafunso oyenera kupita kwa aphungu

Mu 2001 mabungwe atatu a mipingo anagwirizana ndi LAZ ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum pokana kuti malamulo a dziko asinthidwe kuti Pulezidenti alamulire kacitatu. Kufunsa olamulira mwaulemu ndi mosabisa si cinthu cacilendo kwa ife. Phungu kapena khansala akabwera ku Chaisa, makamaka nyengo ya cisankho ikayandikira, pali mafunso anayi amene sakhudza cipani ciliconse.

Loyamba: pa caka cimodzi, ndi zilolezo zingati zomvetsera mafoni zimene zimapemphedwa, ndipo ndi zingati zimene oweruza amakana? Maiko ena amalengeza ziwerengero zotere popanda kuchula maina a anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo yathu ingafune zomwezo. Laciwiri: zithunzi za makamera a Safe City zimasungidwa nthawi yaitali bwanji, ndani aloledwa kuziona, ndipo kodi kampani imene inaika makamera ingazione? Lacitatu: kodi phunguyo alonjeza pamaso pa anthu kuti adzatsutsa kutseka intaneti pa tsiku la cisankho, kaya cipani cake cili m'boma kapena ayi? Lacinayi: munthu amene wamvetseredwa popanda cifukwa akadandaule kuti, ndipo adzadziwa bwanji kuti zinacitika? Lamulo la Data Protection Act la 2021 linakhazikitsa ofesi yoteteza zolembedwa za anthu. Tifunse ngati ofesiyo ili ndi ndalama ndi mphamvu zokwanira kuyang'anira mabungwe a Boma lomwelo.

Za pakhomo ndi pa mpingo

Zina zili m'manja mwathu lero. PIN ya mobile money isauzidwe munthu aliyense, ngakhale wodzicha wa ku kampani, ndipo pa buti lembani nokha. Manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa SMS ndiwo kiyi wa akaunti yanu. Mbala zimawapempha podzinamiza kuti zikukulowetsani pa msonkhano wa pa intaneti, kenako zimalembera anzanu onse m'dzina lanu kupempha ndalama. Uthenga wopempha ndalama ukabwera m'dzina la abusa, la mkulu wa mpingo kapena la m'bale, muimbireni pa nambala imene muidziwa kale musanatumize ngwee imodzi. Nambala ya wonyenga mungaineneze ku ZICTA poimba *707#.

NRC yanu musabwereke munthu kuti alembetsere SIM, ngakhale akupatseni K50. Ma SIM kadi zikwizikwi onga aja a ku Roma amafuna maina a anthu, ndipo mlandu ukabuka apolisi amayamba ndi dzina limene lili pa SIM. Makolo, mwana akapeza nchito ya pa kompyuta, funsani dzina la kampani, kumene ili, zimene imagulitsa, ndi ngati pali kalata ya nchito. Nchito imene imafuna kuti mwana adziche dzina lina poceza ndi alendo pa foni ndi msampha, ndipo mwanayo ndiye woyamba kugwidwa.

Alembi ndi osunga cuma a mipingo asunga maina, manambala, zopereka ndi nthawi zina mavuto a anthu. Zimenezi zisamaikidwe pa gulu la WhatsApp, ndipo foni imene zilimo ikhale yokhoma. Mauthenga a WhatsApp amayenda obisika pakati pa wotumiza ndi wolandira, pamene foni wamba ndi SMS zilibe citetezo cotero. Koma gulu la anthu 200 lilibe cinsinsi, cifukwa mmodzi yekha angajambule zimene mwalemba ndi kuzitumiza kwina. Nkhani zolemera za uphungu zikambidwe pamaso m'pamaso. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wosiyidwa pa intaneti umatsata munthu zaka zambiri. Uthenga woneneza munthu kapena mtundu wa anthu, umene simunatsimikize, ulekeni pomwe wafikira.

Kusamala kotere sikutanthauza kukhala cete. Malamulo a dziko lino amateteza ufulu wolankhula ndi ufulu wa cinsinsi ca munthu, ndipo kufunsa za ngalande zotsekeka, za madzi, za kuzima kwa malaiti kapena za ngongole za dziko si mlandu. Ofufuza a ku Toronto ndi a ku Washington atithandiza kuona kumene zingwe za foni yathu zimapita ndi amene amapindula nazo. Funso lakuti ndani asunga kiyi, ndipo ayankha kwa yani, liyenera kufunsidwa ndi ife eni ake, pa msonkhano wa wadi ndi pamaso pa phungu wa Mandevu.